Injini Zitatu Pabwalo la Wedisoni

Kalekale, koma osati kale lenileni, kale lomwe dzimbiri lake likadaonekabe, mtsikana wina wamng'ono dzina lake Sungeni anapeza bambo ake atagona chagada kunsi kwa chigalimoto chomwe ankapanga. Ananjuta n'kusuzumira, nati: "Ababa, ikadzatha galimotoyi, ine ndidzakafika kuchipatala, kapena ndidzathera panjira ngati achimwene?"

Bambowo, Wedisoni, anamva bwino lomwe. Koma anagogoda sipanala pachitsulo, kuchita ngati phokoso lameza mawu a mwanayo.

Wedisoni anali mkamwini m'mudzi wa Chidzanje, kuseri kwa phiri, kumene msewu umafa mvula ikangoyamba. Wopita kuchipatala kuchokera kumeneko amayamba wawoloka dambo lomeza mwendo mpaka m'bondo. Akatero amakwera chitunda cha katondo choterera ngati therere, kenako n'kuyamba mtunda wautali wa m'chigwa. Mwana woyamba wa Wedisoni, Yotamu, ankadwala mphumu. Tsiku lina la mvula chifuwa chinamutseka. Wedisoni anamubereka kumsana, anawoloka dambo, anakwera chitunda, koma ali m'chigwa anamva kuti kalikhweru ka m'chifuwa mwa mwanayo kaleka. Iye anapitirizabe kuthamanga, poti kuima kunali kuvomera. Chichitikireni zimenezo anthu ankamuitanabe kuti bambo a Yotamu, monga mwa mwambo, ndipo iye ankayankha.

Tsono Sungeni naye anayamba kalikhweru komweko. Kusamukira pafupi ndi chipatala kunali kosatheka, chifukwa munda unali wa kuchikazi ndipo kwina analibe ngakhale poponda. Ngolo ya ng'ombe anaiganizira, koma ng'ombe sizidziwa changu. Choncho Wedisoni, amene paunyamata wake anagwirako ntchito m'galaja m'tauni, anakakoka chimango cha pikapu yomwe inafera m'tchire. Anachotsa zolemera zonse, nasiya matayala anayi, chiwongolero, giyabokosi, ndi thabwa kumbuyo poti mayi akhalepo atafungatira mwana. Anthu odutsa ankaseka. "Bambo a Yotamu, ngolo yopanda ng'ombeyi mudzakoka nokha?" Iye ankangomwetulira. Chinatsala chinali chimodzi: injini.

Mitambo itayamba kusonkhana, kunabwera a Mbendera, wowotcherera zitsulo wa kutsidya, jenereta yawo ili pangolo. Anazungulira chimangocho, anachikanda ndi mpeni, napukusa mutu.

"Achimwene, chitsulochi chadyeka. Chilola moto kamodzi kokha. Ndikawotcherera zogwirira injini imodzi, ndi yomweyo mpaka kalekale. Mukadzati tidule tisinthe, chidzathyoka pakati ngati phesi louma. Komanso ine mtsinje ukadzadza sindibwera kuno. Ndiye injini ili kuti?"

Injini inalibe. Koma mbiri inamveka, ndipo m'mawa mwake pabwalo la Wedisoni panafika anthu atatu.

Woyamba anali a Chimbalanga, mlongo wa mkazi wake, malume a Sungeni, mwini chigayo chokhacho cha m'mudzimo. Iwo anabweza amayi omwe anali pamzere ndi matumba awo, anachotsa lamba wa chigayo, anamasula injini yawo ya dizilo n'kuikweza pangolo. Atafika anati: "Alamu, mwanayu ndi mbumba yanga. Ndinanyamula bokosi la Yotamu, lachiwiri sindinyamula. Iyi mukaipukusa ndi handulo imalira, kaya kuzizire kaya kugwe matalala. Chitunda chija ikwera ikuyasamula." Wedisoni anaiyang'ana ndipo anadziwa kuti akunena zoona. Anadziwanso zomwe sananene. Injiniyo inali yolemera moti anthu ambiri anachita kuthandizana poitsitsa, ndipo dambo limakonda zolemera. Ikapulumuka dambolo, m'chigwa ikayenda ngati nkhalamba yopita kumaliro, pamene mphumu sidikira. Ndipo chigayo chikakhala chete, amayi a m'mudzimo abwerera kumtondo, ana a malumewo agona ndi njala.

Wachiwiri anali Lodiwelo, mng'ono wake wa Wedisoni, wa kabaza wa njinga yamoto. Njinga imeneyo nthawi ya chilimwe inkamufikitsa Sungeni kuchipatala bwinobwino, koma pamatope inkagwa ngati woledzera, ndipo mwana wobanika sangakhale atakhanyula miyendo pakati pa anthu awiri. Lodiwelo anaiimika pabwalo, naigoneka, nayamba kumasula injini asanapereke n'komwe moni. "Achimwene, musandiyang'ane choncho, ndingalire ngati mwana. Chigayo cha amalumecho chikuponyerani m'dambo mpaka achule adzakufunseni za ufa. Yangayi ndi yopepuka, idutsa pamatope ngati bakha, ndipo m'chigwa iuluka." A Chimbalanga anatsonya. "Bakha wakoyo anakwerapo chitunda atasenza anthu atatu ndi chimango cha pikapu?" Yankho lake Lodiwelo ankalidziwa. Pachitunda injiniyo idzakuwa, idzanunkha, ndipo padzafunika amuna okankha, ngati angapezeke nthawi imeneyo. Komanso njingayo ndi imene inkakatenga mankhwala a Sungeni opopera m'kamwa. Ikaphwasulidwa, adzakatenge ndani?

Wachitatu anafika mochedwa chifukwa ankatsimphina. Anali Layisoni, amene kale ankayendetsa minibasi. Minibasi imeneyo ndi yomwe inagubuduzika pakona ya kumsika n'kupha anthu, ndipo mmodzi wa akufawo anali apongozi a Wedisoni, mayi ake a mkazi wake Nangozo. Layisoni anapulumuka ndi mwendo wopindika. Chichokereni m'chipatala sanagwirenso chiwongolero, ndipo m'mudzimo ankadutsa kuseri kwa nyumba. Injini ya minibasiyo anaisunga m'khola, akuithira oyilo, osadziwa chomwe akuisungira. Tsikulo anaimangirira pachileyi n'kuikoka yekha ndi chingwe pachifuwa. Sanalowe pabwalo. Anaima kumalire atavula chipewa.

"Bambo a Yotamu, ine sindiyenera kuyankhula pakhomo pano. Koma injiniyi ikwana pa giyabokosi yanuyo ngati zinabadwira pamodzi. Dambo idutsa, chitunda ikwera, m'chigwa ithamanga. Sindikubisirani kanthu: chigwereni, kukazizira imanyanyala. Tsiku lina imalira msanga, tsiku lina mumainyengerera mpaka dzuwa kutuluka. Inachotsa moyo pakhomo pano. Iloleni ibwezeko umodzi."

Maso a umakaniko a Wedisoni anali ataona kale kuti iyi ndiyo injini ya galimoto. Koma mphumu imakonda kubwera kukazizira, nthawi yomweyo imene injiniyi imakonda kukana.

Pamenepo Nangozo anatuluka m'nyumba. Anayang'ana chitsulo chili pachileyi, ndipo sanakuwe, anangoyankhula motsitsa.

"Bambo a Yotamu, amayi anga tinawasambitsa atanunkha oyilo wa chinthu chimenechi. Mukachiika pagalimotopo, mwana wanga sakwera, ndipo ine sindikwera. Mudzanyamule mbuzi."

"Mayi a Yotamu, chitsulo chilibe mtima," anatero Wedisoni. "Sichikumbuka."

"Chimene sichikumbuka ndi chitsulo. Ine ndikukumbuka. Ndidzamufungatira bwanji mwana kulira kumene amayi anamva komaliza kuli m'makutu mwanga?"

A Chimbalanga, amene nawonso anali mwana wa malemuwo, anayang'ana pansi, nati: "Achemwali, mukakana inu palibe angakukakamizeni. Koma ine ndikanakonda kudana ndi injini kusiyana ndi kukumba manda." Nangozo analowa m'nyumba, n'kusiya chitseko chosatseka.

Tsikulo dzuwa linakwera mpaka kupendeka anthu akukangana. Ena ankati muike ya chigayo, n'kuyala miyala m'dambo, koma miyala yomwe anayala chaka chatha dambolo linameza. Ena ankati muike ya njinga, mudzi udzakankha, koma tsiku la Yotamu mudzi unali kumunda ndipo anayankha kukuwa kwa Wedisoni anali agalu okha. Ena ankati muike ya minibasi, mkazi adzagonja mwana akadzabanika, koma ena anafunsa kuti ikadzakana kulira m'mawa umenewo, mkaziyo mudzamuyang'ana ndi nkhope yanji? Wedisoni ankayenda kuchoka pa injini iyi kupita pa inayo, akugwira iliyonse ndi chikhatho. Iliyonse inamuonetsa malo osiyana panjira paja pomwe angadzaime ali ndi mwana m'manja: ina m'dambo, ina pachitunda, ina pakhomo pomwepa asananyamuke n'komwe. Anthu atatu anali atamupatsa zonse zomwe anali nazo, koma iye anadziona wosauka kuposa dzulo, pamene analibe chosankha.

Kenako mphepo inatembenuka, fungo la dothi lonyowa linafika kuchokera kuphiri. A Mbendera anakoka chingwe cha jenereta yawo, ndipo inayamba kuguguda. "Achimwene, kumtunda yagwa kale. Mtsinje sundidikira. Lozani imodzi."

Sungeni anali atakhala pathabwa la kumbuyo kwa galimotoyo, miyendo ikulendewera. Mphepoyo itamuomba anatsokomola, ndipo Wedisoni anamva, pansi pa phokoso lonse la jenereta, kalikhweru kaja kakuyamba pang'onopang'ono. Anapita pomwe panali mwanayo, anavula jekete lake lonunkha girizi n'kumufunditsa.

"Ababa, simunandiyankhe tsiku lija," anatero Sungeni. "Ndidzakafika?"

Nthawi ino panalibe sipanala yogogoda. Wedisoni anagwada kuti maso awo alingane.

"Sindikudziwa, mwana wanga. Ndikanadziwa ndikanakuuza. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pomwe galimotoyi idzaime, ine ndidzatsika, ndidzakubereka, ndipo sindidzaima."

Mwanayo anagwedeza mutu ngati wakhutira. Wedisoni anadzuka, madontho oyamba akugwera pazitsulo, natembenukira injini zitatu zija, a Mbendera atagwira moto m'manja.

Nkhani yanga ndaiimika pomwepa, pakati pa bwalo, dzanja la Wedisoni lili m'mwamba lisanaloze. Inu amene muli ndi ana, ndi inu amene munaberekedwapo kumsana, ndithandizeni. Chitsulo chilola moto kamodzi kokha. Aloze ya chigayo, yosakana kulira koma yolemera ndi yochedwa, mudzi ubwerere kumtondo? Aloze ya njinga, youluka m'chigwa koma yofooka pachitunda, mankhwala asowe wokatenga? Kapena aloze ya minibasi, yotha njira yonse ikafuna, imene mayi wa mwanayo walumbira kuti sadzakwera? Mukanakhala inu bambo a Yotamu, mukanaloza iti?