Nsalu Yoyera ya Moven

Amene analakwa ndi mwana wanga Moven, ndipo sindimubisa. Ndiye anathamangitsa mkazi wake Shamsia ali ndi pakati, osati ndi chibakera kapena mowa, koma ndi makandulo, lubani ndi nsalu yoyera. Ndiyenso wandisiya ine mayi wake, mkazi wamasiye, ndikulozedwa zala muno m'komboni ya George kuti ndine mfiti. Iye ali chete. Ine sindikhala chete.

Moven si mwana woipa. Chilema chake ndi chimodzi: chimene waona kamodzi amayesa wachidziwa chonse. Ankagwira ntchito kufakitale youmba mabeseni a pulasitiki. Chaka chija kwacha inatha mphamvu, magetsi n'kumachoka m'mawa kubwera dzuwa litapendeka, mabwana anawauza kuti azibwera masiku ena okha. Anayamba kuthamangira maganyu. Ganyu ina inali yonyamula mipando kunyumba ina ya alendo kumayadi, ndipo kumeneko ndi kumene anatola matendawa.

Anaona chipinda chimene anakonzera munthu wina wolemera woti apatse mkazi wake mphatso. Bedi analiyala nsalu zoyera mpaka pansi. Fungo lokoma linali tolo. Pakati panali kabokosi komangidwa bwino, makandulo atakazungulira. Tangoganizani. Ife kuno kandulo tinkayatsa mtima ukutukwana chifukwa magetsi kulibe, koma kumeneko anathimitsa magetsi dala, jenereta ikulira panja. Moven anaima pakhomo ndi mipando kumutu, n'kunena mumtima kuti nayenso mkazi wake ndi munthu.

Ndipo analidi munthu woyenera kumusangalatsa. Shamsia ndi mwana wa Chisilamu wa ku Marapodi, makolo ake anachokera ku Mangochi kalekale. Mayi ake, a Kulthum, anavomera ukwatiwu mano ali gwa, chifukwa ife ndife a tchalitchi. Koma mtsikanayo analowa pakhomo panga ngati mvula yoyamba. Ankandithandiza kukanda ufa wa zitumbuwa zimene ndimagulitsa pamsewu, ankandiseka kuti ndimaumira shuga. Mimba yake yoyamba inatipatsa kamnyamata kamene sikanamalize ndi sabata yomwe. Khanda lotere kwathu timakaliika amayi okhaokha, amuna amakhala panja. Choncho Moven sanaone chimene ine ndinaona: a Kulthum akukulunga kathupiko mu sanda, nsalu yoyera imene Asilamu amavekera omwalira, n'kumanga ndi tizingwe tong'amba pansalu yomweyo, kumutu, pakati ndi kumapazi. Utsi wa lubani unali m'chipinda monse. Shamsia anayang'ana zonsezo osaphethira. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale chinsalu choyera cha patebulo ankachipinda n'kuchibisa.

Tsopano anali ndi pakati penanso, patakula, miyendo itatupa. Apa ndi pamene Moven anati amuchitire zimene anaona kumayadi.

Nsalu zonyezimira za kumeneko sakanazikwanitsa. Anapita kumsika wa Matero kwa bambo wina wogulitsa nsalu dzina lake a Majidi, n'kupempha bafuta woyera wautali. Kenako anafunsa ngati ali ndi chonunkhiritsa m'nyumba chosadula, poti perefyumu inali itakwera. A Majidi anamupatsa lubani. Anamuyang'ana nthawi yaitali, anachotsako mtengo asanapemphedwe, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, mwana wanga. Mulungu akulimbitseni."

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kufunsa kuti mukundipepesa chiyani. Moven anayesa akumupepesa za kukwera kwa zinthu. Anathokoza, n'kumabwerera akuimba mluzu kuti lero wagula motchipa.

Loweruka lake anabwera kwa ine ndikutsuka chiwaya. Nyumba yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa yanga, bwalo ndi limodzi. Anandipempha kuti nditenge Shamsia tipite kumsika wa Lilanda tikagule kapenta, ndipo tikachedweko. Ndinamufunsa kuti akufuna kuchita chiyani.

"Ni sapulaizi, amai."

Ndinati andiuze ine ndekha, sindiulula.

"Sapulaizi sibauza munthu. Mukauza munthu ninshi yasila."

Mawu amenewo, akuti ukauza munthu basi yatha, ndiwo anatidya. Sindikudziwa amene anabweretsa chinthu chotchedwa sapulaizi, koma ndi chinthu choopsa, chifukwa chimatseka pakamwa pa munthu pa nthawi imene afunika kufunsa. Ine ndinali pomwepo, chiwaya m'manja. Kundifunsa sikukanamutengera ngakhale nthawi yowiritsa madzi.

Titachoka anayamba ntchito. Kachipindako n'kopanikiza, ndiye kuti apeze malo anatulutsa mipando, tebulo ndi kabati n'kuziika pabwalo. Dzuwa linali pamutu, makandulo sakanaoneka, ndiye anatseka zenera ndi bulangete. Anayala bafuta pamatiresi pansi. Wotsalayo anakulungira mphatso. Riboni analibe, choncho anang'amba tizingwe pansalu yomweyo n'kumanga uku ndi uku ngati switi, ndi pakati pomwe kuti isamasuke. Anaika mtolowo pakati, anauzunguliza makandulo, anathira lubani pamakala, n'kutseka chitseko kupita kubafa kuti akasambe avale shati yake yabwino.

Aliyense wokulira mukomboni akudziwa tanthauzo la mipando ikatulutsidwa panja masana, zenera litatsekedwa. Palibe amene amafunika kuuzidwa. A Mainess a nyumba yoyandikana nafe anaona, anamva fungo, anamanga chitenje n'kukaitana anzawo. Pamene ine ndi Shamsia tinkakhota pangodya tikuseka za mtengo wa kapenta, tinapeza amayi atakhala pansi pakhomo pathu, miyendo atatambasula, mitu yowerama.

A Mainess anadzuka n'kundinong'oneza. "Bamake Moven, nanga ni ndani watisiya?"

Shamsia anamva. Pepala la kapenta linagwa. Anayesa ndi mwamuna wake. Anathamanga ndi mimba yake ija, ine ndikumugwira dzanja kuti asagwe, n'kukankha chitseko.

Ndaona zambiri pa moyo wanga, ndinasambitsa mwamuna wanga ndi manja angawa, koma chimene ndinaona m'chipinda chija chinandiumitsa malovu. Mdima masana. Utsi wa lubani. Nsalu yoyera pansi. Ndipo pakati pa makandulo kamtolo koyera, kotalika ngati mkono wanga, komangidwa kumutu, pakati ndi kumapazi.

Shamsia sanakuwe. Anangokhala pansi pakhomo pomwepo, n'kutenga dzanja langa kuliika pamimba pake.

"Akali moyo, amai. Mverani, akusuntha. Mwamukonzela bwanji akali moyo?"

Nthawi yomweyo Moven anatulukira kuseri, thaulo paphewa, akununkhira sopo, mano onse panja. Anaona khamu la amayi, anaona mkazi wake pansi, koma mawu anali atafika kale pamilomo ndipo anawatulutsabe, motsitsa, ngati munthu wogwetsa mbale ya eni. Anati sapulaizi.

Dzuwa lisanalowe a Kulthum anali atafika ndi galimoto ya hayala n'kumutenga mwana wawo. Mtolo uja palibe anaukhudza. Makandulo anasungunuka okha, phula n'kuuma pasimenti.

Mpaka apa ndikanati ndi tsoka la kusadziwa, ndipo ndikanamukhululukira. Chimene chimandiwotcha mtima ndi chimene chinachitika pa bwalo la ankhoswe. Tinakhala mbali ziwiri, ife uku, iwo uko. Amalume ake a Shamsia, munthu wodekha wa ndevu zoyera, anafunsa Moven funso limodzi lokha: anamuuza ndani kuti ayalire sanda mkazi wamoyo, woyembekezera? Yankho linalipo, lalifupi. Akanati ndimamukonda mkazi wanga, ndinaona kumayadi, ndinatengera osadziwa. Koma mwamuna wa kwathu kunena za chikondi pamaso pa apongozi amaona ngati wavula. Ndipo anadziwa kuti anyamata apamsewu ayamba kale kumutcha Bakandulo. Anayang'ana pansi, n'kukanda m'khosi.

"Ni va kunyumba chabe."

Iye ankatanthauza za m'nyumba mwake, za iye ndi mkazi wake. Iwo anamva kuti ndi za kwawo, za kumtundu wake, za kwa mayi ake. Ndinaona mitu yonse ikutembenukira kwa ine pang'onopang'ono ngati mpendadzuwa. Wina anakumbutsa kuti ndine ndinamuchotsa Shamsia pakhomo tsikulo. Wina anati ndinenso ndinamugwira dzanja kumulowetsa. Ndinalankhula, ndinalumbira, koma mawu a woganiziridwa ali ngati madzi othira pa bakha. Ndinayang'ana mwana wanga kuti atsegule pakamwa. Anali kuwerenga nyerere.

Mkazi wamasiye sachedwa kusanduka mfiti. Anthu anakumbuka kuti mwamuna wanga anamwalira atatupa miyendo, anakumbukanso kamdzukulu kanga koyamba. Zitumbuwa zanga zinayamba kugona m'beseni. Amayi amene ndinkawakongoza mchere akumakoka ana awo ndikamadutsa. Shamsia anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo ine agogo ake ndinamvera kwa wogulitsa makala.

Tsiku lina ndikusesa m'chipinda chija ndinapeza mtolo uja pansi pa kabati, pamene Moven anauponya. Ndinaumasula. Munali kabulangete ka mwana kachikasu, zitenje ziwiri zamaluwa, ndi mapatapata ofewa aakulu kuposa phazi la Shamsia. Ndinakhala pansi. Mwana wopusayu anali ataona kuti nsapato za mkazi wake sizikulowanso chifukwa cha kutupa, n'kumufunira zazikulu. Anadzimana chakudya chamasana kumaganyu kuti agule zimenezi. Uchi wa chikondi unalimo ndithu. Koma anaukwirira m'chinthu chimene palibe akanayerekeza kuchitsegula.

Bafuta uja ndinamutentha. Mphatsozo ndinazikulunga m'chitenje changa chofiira, n'kukwera basi ya ku Marapodi m'mawa dzuwa likuwala. Nditafika sindinalowe. Ndinaima panja pa mpanda n'kuodira, ndipo a Kulthum atatuluka ndinachita chimene mwana wanga analephera. Ndinafunsa. Ndinati ndabwera ndi katundu wa mwana wanu, kodi pakhomo panu pano mumalandira bwanji?

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kenako anati ndimasule ndekha, panja pomwepo, padzuwa, iwo akuona. Ndinagwada pafumbi n'kumasula. Ndinatulutsa chimodzichimodzi, ndikuchikutumula kuti aone kuti mulibe kanthu. Palibe kandulo, palibe fungo koma la ngalande ya pamsewu, ndipo kumeneko ndiko kutsegula mphatso kumene kunagwira mtima wa munthu.

Shamsia anali ataima pakhomo, mwana kumsana. Anabwera pang'onopang'ono, anatola mapatapata aja n'kuwatembenuza. Miyendo yake inali itaphwa kale. Anawavalabe, phazi likusambira m'kati, n'kuyenda nawo masitepe angapo akukhwekhwereza. Anaseka pang'ono, misozi ikutsika.

"Sembe ananifunsa chabe, amai. Olo sembe anafunsa imwe." Akanangofunsa basi.

A Kulthum anafewa, koma sanagonje, ndipo sindiwada. Anati iwo tsopano aona, koma bwalo lija linamva ndi makutu ake mawu a Moven, ndipo ndi mawu a Moven okha amene angawafafanize. Abwere, akhale pamaso pa ankhoswe onse, anene chimene ankafuna kuchita ndi kumene anachitenga. Akatero atenge mkazi wake. Asanatero, mwana sachoka, ndipo ine sindimunyamula, kuopa pakamwa pa abale awo. Ndinabwerera nditaona kaphazi kokha ka mdzukulu wanga, katatulukira m'chitenje.

Ndinamuuza Moven zonse. Anati apita akapeza ntchito yokhazikika. Ndinati ntchito yake ndi iti m'dziko limene mafakitale akutseka ngati maso a wodwala? Anati, "Bazaniseka, amai." Akuopa kusekedwa. Mayi ake akutchedwa mfiti, mkazi wake akuyenda ndi mapatapata ake ku Marapodi akudikira, mwana wake wayamba kukwawa osamudziwa, iye akuopa kusekedwa. Madzulo magetsi akachoka amakhala yekha mumdima m'kachipinda kaja, chifukwa kandulo sayatsanso.

Ndaganiza kwambiri za nkhaniyi ndikukhala pamsewu ndi beseni langa. Sindidana ndi makandulo, kapena fungo labwino, kapena mwamuna wofuna kusangalatsa mkazi wake. Mwamuna wanga sanandiyalirepo nsalu, ndipo mwina ndikanakondwa. Koma nsalu ili ndi chinenero chake, fungo lili ndi chinenero chake, ndipo chimene chikunena chikondi kumayadi chikhoza kunena manda ku George. Usanayatse kanthu m'nyumba ya munthu, dziwa kaye chimene maso ake anaonapo. Akuluakulu ankanena za mlendo amene anapatsidwa chisa cha njuchi, n'kuchita manyazi kufunsa kadyedwe kake. Anafinyira uchi pansi, n'kutafuna zotsalazo. Ndiye anati safunsa anadya phula.

Moven wadya phula, ndipo phula lake likadali pasimenti, ndalephera kulipala. Koma mwambiwu sunanene chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene ndikufuna kwa inu amene mukuwerenga, makamaka inu a m'George amene munakhala pansi pakhomo panga tsiku lija osafunsa, n'kunditcha mfiti osafunsanso. Wosafunsayo ndi Moven. Nanga n'chifukwa chiyani phulalo likumata m'kamwa mwanga, ine amene ndinafunsa? Ndiyankheni.