Mpiringidzo wa a Zakeyu

Kalekale, dziko lathu litangolandira ufulu wodzilamulira, m'mudzi mwathu munali munthu wina dzina lake a Zakeyu Kanyumbu. Sendera kuno, Mwayi, iwenso Takondwa, chifukwa amenewa ndi agogo awo a bambo anga, ndipo kuuma mutu kwanuko kunachokera kwa iwo.

A Zakeyu anagwira umesenjala ku boma zaka makumi awiri nthawi ya atsamunda. Kalata akawapatsa, inkafika. Mvula igwe, inkafika. Mtsinje udzaze, inkafika. Mawu akawanena, ngakhale ng'ombe zinayi sizikanawakoka.

Tsono mbendera yakale itatsika, boma latsopano linakhazikitsa unduna wa za m'dziko, woyang'anira apolisi, ndende ndi malire. Zonse zinali zatsopano: maofesi atsopano, mabwana atsopano, ena anyamata ongotuluka kumene sukulu. Undunawo unaika chipata pa kamtsinje ka Kankhande, pamene dziko lathu limathera, ndipo unapereka chipatacho kwa a Zakeyu. Chipata chake chotani? Mitengo iwiri ya mphanda ndi mpiringidzo wopingasa msewu, basi. Koma a Zakeyu anaupaka laimu mpiringidzowo mpaka unkawala ngati mano a mkwatibwi.

Kenaka kunabwera kalata ndi chidindo chatsopano. Kalatayo inati munthu asaoloke wopanda chiphaso chodindidwa, ndipo mapepala akale a chisoti chachifumu atenthedwe. A Zakeyu anawatentha tsiku lomwelo. Mapepala atsopano? Anadikira mwezi, zii. Anadikira wachiwiri, zii. Chidindo chilipo, podinda palibe.

Anthu a tsidya lino ndi tsidya ilo ndi amodzi: munda kuno, nyumba uko, malume kuno, mphwake uko. Ambiri ankangozemba m'tchire n'kuoloka pamiyala. Koma kodi mkamwini angalowe m'mudzi kudzera m'tchire ngati wakuba mbuzi? Ayi! Mkamwini amabwera mumsewu, dzuwa likuswa mtengo, ankhoswe ake ali patsogolo.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mwana wamkazi wa a Zakeyu, Alinesi, anali pa chibwenzi ndi Jailosi, mnyamata wa tsidya ilo, wodziwa kusema mipini ndi kufolera nyumba. Chinkhoswe anali atachisuntha kale kamodzi podikira mapepala. Malume ake a Jailosi anatumiza mawu: "Loweruka likubwerali likalephereka, tikagogoda khomo lina. Atsikana sanathe kwathu kuno."

A NaSakala, akazi awo a Zakeyu, anawapeza amuna awo akupukuta chidindo ndi kansalu.

"Bambo a Alinesi, chimera ndasinja, mowa uli m'mbiya. Mtengo wanuwo mukweza kapena ayi?"

"NaSakala, chiphaso palibe."

"Inu pobwera kudzandikwatira, munaonetsa chiphaso chanji? Si munangobwera ndi kabudula wong'ambika kumbuyo?"

"Nthawi imeneyo dziko linali la eni. Lero ndi lathu. Ndikakweza chifukwa cha mkamwini wanga, mawa ndidzamukaniza bwanji mkamwini wa mnzanga?"

"Ndiye chidindo chanucho chikuberekereni adzukulu!"

Alinesi ankangopeta mphale kuseri kwa nyumba, misozi ikugwera m'lichero. A Zakeyu anamuona mwana wawo, mtima unawawa. M'mawa mwake anakwera njinga, ulendo wa ku boma.

Kumeneko anapeza bwana wamng'ono wa unduna, a Kamwendo, atakhala pa bokosi chifukwa mipando inali isanafike.

"Mapepala akusindikiza ku likulu, bambo Kanyumbu. Pirirani."

"Ine ndipirira, bwana, koma mowa supirira. Bwerani Loweruka mudzaone ukwati umene kalata yanu yatsekera panja."

Loweruka litafika, a Zakeyu anavala yunifolomu yawo ya khaki yositidwa bwino n'kulamula kuti mphasa ziyalidwe pachipata penipeni, zina tsidya lino la mpiringidzo, zina tsidya ilo. Anthu anadabwa. Chinkhoswe cha pamsewu anachionapo ndani? Koma anabwera, mudzi wonse unabwera, ndipo a tsidya ilo anabweranso ndi ng'oma zawo. Alinesi anakhala kuno atazyolika, Jailosi uko atazyolika, pakati pawo mtengo woyera uja.

Ankhoswe anayamba mwambo. Malume a Jailosi ananyamula tambala kuti apereke pamwamba pa mpiringidzo, n'kuima kaye.

"A Kanyumbu, nanga uyu chiphaso chake muona?"

"Wamapiko ndi wa unduna wina," anatero a Zakeyu nkhope ili gwa. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti.

Tambala anaoloka, msoti unaoloka kupita uko. Zipanda za mowa zinaoloka, nthungululu zinaoloka. Chilichonse chinaoloka kupatula mkamwini. Mwambo utatha, ng'oma zinazirala. Malume a Jailosi anayang'ana dzuwa, n'kuyamba kukutumula fumbi pa jekete lawo.

Nthawi yomweyo kunamveka mthuthuthu. A Kamwendo anatsika fumbi lili mbuu, anayang'ana uku, anayang'ana uko, n'kuvula chipewa.

A Zakeyu anawapatsa sawatcha, kenaka anafunsa mokweza kuti onse amve. "Bwana, ine sukulu ndinalekeza panjira. Tandiuzani, chiphaso ntchito yake n'chiyani?"

"N'choti boma lidziwe kuti munthuyu ndani, kwawo n'kuti, ndipo akalakwa tikafunse yani."

"Ndiye tamverani. Kwathu kuno mwamuna salowa m'mudzi popanda omuimira. Awa ndi malume ake, awa ndi malume a mwana wanga. Akalakwa timafunsa amenewa, ndipo sathawa. Zimene boma likufuna kudziwa zakhala pamphasa apa. Kodi kalata ija inati pepala lake likhale lochokera ku likulu?"

A Zakeyu anaitulutsa m'thumba. A Kamwendo anaiwerenga kamodzi, anaiwerenganso kachiwiri milomo ikugwedera, kenaka anaseka.

"Yangoti dzina, mudzi, mboni ndi chidindo. Za ku likulu mulibe."

Anatulutsa kope lawo n'kuthothola tsamba. Analemba dzina la Jailosi ndi mudzi wake. Ankhoswe a mbali zonse, awiri kuno awiri uko, anaviika zala mu inki n'kudinda. Tebulo panalibe, ndiye a NaSakala anagubuduza mtondo n'kuuvundikira. A Zakeyu anaika pepala pamenepo, anauzira mpweya pa chidindo, anakweza dzanja m'mwamba, n'kutsitsa: phaa!

Kenaka anagwira mpiringidzo ndi manja awiri n'kuukweza pang'onopang'ono. Jailosi, poopa apongozi, anadutsa chowerama ngati akulowa m'khola la nkhuku.

"Weramuka, mwana wanga," anatero a Zakeyu. "Walowa ndi boma lonse kumbuyo kwako."

Nthungululu zake! Ng'oma zinadzukanso. Aliyense wa tsidya ilo anapeza womuimira tsidya lino, ndipo kope la a Kamwendo linatha mpaka chikuto. A Kamwendowo anavina nawo, ati mwendo wawo unali wolemera ngati akupalasa njinga pamchenga. A NaSakala anadutsa pafupi ndi amuna awo atasenza mbiya, n'kunong'oneza: "Chidindo chija chabereka ndithu."

Mapepala osindikiza anafika patapita miyezi isanu ndi iwiri. Kuchokera apo unduna unasamuka nyumba, nduna zinabwera n'kupita, ndipo lero pachipata paja pali nyumba ya njerwa ndi makompyuta. Koma tsamba la m'kope lija lilipo. Agogo Alinesi analisunga m'sutikesi, ndipo ndinaligwira ndi manja angawa ndikuphunzira kuwerenga. Zala zinayi za inki zikuonekabe.

Tsono mukadzakula n'kupeza mtengo utapingasa njira yanu, kusukulu kaya kuntchito, mudzatani? Mudzazemba m'tchire? Mudzakhala pansi n'kumalira? Kwathu sititero. Timayala mphasa pomwepo, timaitana mwini lamulo, n'kumufunsa mwaulemu chimene lamulolo likufuna. Mwamva bambo anga akunena kawirikawiri, ndipo inunso mudzauza ana anu: mbumba ya a Zakeyu sidumpha mpiringidzo, imaukweza.