Nthambi Imene Sinabwerere ku Thunthu

Panali munthu wina wodziwa kulemba mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta. Luso limeneli analiphunzira yekha, pa laputopu yakale ya mlamu wake, popanda womuuza kuti apa wakhoza, apa walakwa. Kenako analembedwa ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Lilongwe, ndipo kwa nthawi yoyamba anakhala pakati pa anthu a luso ngati lake.

Gululo linkapanga pulogalamu yothandiza alimi kuzindikira matenda a mbewu. Inafunika kuyenda paliponse, pa foni yodula, pa foni yotsika mtengo, ngakhale pa kompyuta. Kuti asamalembe chinthu chimodzi katatu, ankagwiritsa ntchito chida chimene amati fulemuweki. Chida chimenechi chili ngati chikombole. Onse akaumbira m'menemo, njerwa zawo zimakhalana bwino pa khoma limodzi.

Analinso ndi kachitidwe kawo. Pulogalamu yonse inkasungidwa pamalo amodzi, ndipo malowo ankawatcha thunthu. Munthu akapatsidwa gawo lake ankakopera za pa thunthupo n'kumalembera pambali, ndipo imeneyo ankati nthambi. Akalemba pang'ono ankaonetsa anzake. Iwo ankawerenga, n'kudzudzula pofunika kudzudzula, nthambi ija n'kulumikizidwa ku thunthu. Ena ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ntchito ikadali yaiwisi.

Mkulu wa gululo, Mayi Nangondo, anamupatsa munthu uja gawo lovuta kuposa onse, loti pulogalamuyo izigwirabe ntchito kumidzi kumene netiweki sifika. Iye anakondwa, koma mantha anamugwiranso. Anzake onse anali odutsa ku yunivesite. Ankawamva akusekana pa zolakwa zawo, wina akufunsa mnzake ngati mizere imeneyi anailemba ali m'tulo. Kwa iwo zinali nthabwala chabe. Kwa iye zinkamveka ngati kuvulidwa pamsika. Choncho anatsimikiza mumtima kuti sadzaonetsa munthu ntchito yake mpaka itatha yonse, yopanda banga. Ankalakalaka chinthu chimodzi, tsiku limene gawo lake lidzalowe mu thunthu, anzake n'kuona kuti nayenso ndi mmodzi wa iwo.

Anatsegula nthambi yake n'kuisunga mu laputopu yake yokha. Anasankha tebulo la pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kumpanda, n'kuvala mahedifoni. Nthawi zina munalibe ngakhale nyimbo. Ankangofuna kuti anthu azimuona ngati wotanganidwa.

Masana anzake ankapita pa chiwaya kukadya tchipisi, ndipo podutsa ankamukodola. Iye ankati awapeza, koma sankawapeza. Mu ofesi mukati zii, ankatulutsa mbatata yake n'kumadya atayang'ana khoma, phwete la anzake likumvekera patali. Ankasungulumwa, tisaname. Koma ankadzitonthoza kuti kucheza kudzayamba ntchito ikadzatha.

Tsiku lina pa msonkhano wa m'mawa, Mayi Nangondo analengeza kuti eni ake a fulemuweki ija atulutsa yatsopano, ndipo gulu lonse likusamukira kumeneko. Anati aliyense akoke za pa thunthu, aone ngati nthambi yake ikugwirizana nazo. Anatchulanso mawu ena angapo amene munthu uja sanawamvepo chibadwire. Anzake anagwedeza mitu, nayenso anagwedeza wake. Funso linafika pakhosi, iye n'kulimeza. Atabwerera pa tebulo lake anaganiza kuti akakoka zatsopanozo zimusokonezera zimene wamanga kale, ndi bwino adzazione kumapeto. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phulalo munthu salizindikira tsiku limene waliika m'kamwa.

Mayi Nangondo sanali munthu wosasamala. Anapita pa tebulo lija n'kupempha kuti aone pamene wafika.

"Mayi, ndipatseniko kanthawi," iye anatero. "Sinapse."

"Yaiwisi yomweyo ndi imene ndikufuna kuona, achimwene."

Iye anamwetulira mwaulemu, dzanja lake likutsitsa pang'onopang'ono chivundikiro cha laputopu. Mayiwo anachoka. Anabweranso ulendo wina, yankho linali lomwelo. Pamapeto pake anamusiya, monga anthu amamusiyira munthu wofatsa, poganiza kuti kukhala yekha ndiye kukonda kwake.

Nyengo yozizira inapita, kunabwera dzuwa lootcha mapazi. Alimi anayamba kugalauza minda, ndipo pulogalamuyo inayenera kutuluka mvula isanagwe. Munthu uja anamaliza. Ndipo ndinene zoona, inali ntchito yokongola. Mzere uliwonse unali pamalo pake. Pa laputopu yake inkayenda bwinobwino, netiweki ilipo kaya palibe. M'mawa umenewo anavala malaya ake oyera ngati mkamwini wopita kukaonekera kwa apongozi.

Anakhala pansi n'kulamula kompyuta kuti ilumikize nthambi yake ku thunthu. Kompyuta inakana. Inaonetsa mzere wofiira, kenako wina, kenako yambirimbiri mpaka kudzaza galasi lonse la laputopu. Akakonza cholakwika chimodzi, zina khumi zinkabuka. Anayesa mpaka thukuta linanyowetsa malaya oyera aja. Thunthu limene iye ankalidziwa kunalibenso. Anzake anali atalisintha pang'onopang'ono miyezi yonseyo, iye ali pakona.

Pamenepo anavula mahedifoni n'kuitana Mayi Nangondo. Aka kanali koyamba kuti aitane munthu mu ofesi imeneyo, moti ena anacheuka kuti aone mwini mawuwo.

Mayiwo anakoka mpando n'kukhala pambali pake. Anawerenga nthawi yaitali. Iye ankangoyang'ana nkhope yawo, kudikira chiseko chimene anachiopa kuyambira tsiku loyamba. Chisekocho sichinabwere.

"Achimwene, chiyambire ntchito imeneyi sindinaone munthu wolemba mwaudongo chonchi," anatero motsitsa mawu. "Koma mwaumbira m'chikombole chimene tinataya. Palibe njerwa ngakhale imodzi imene ingalowe. Mukanationetsa tsamba loyamba lokha, tikanakuuzani tsiku lomwelo."

Anamuuzanso kuti nthawi yatha, pulogalamuyo ituluka yopanda gawo lake, ndipo alimi akutali ndi netiweki adikira chaka china. Anati mvula ikatha adzayambirenso gawolo pamodzi. Ananena zonsezi mokoma mtima, ndipo kukoma mtimako kunamupweteka kuposa mmene chiseko chikanamupwetekera. Anazindikira kuti anthu amene ankawabisalira aja sankamudikira kuti alakwe. Ankangomudikira kuti abwere.

Mawa lake gulu lonse linakwera galimoto kupita kukaonetsa pulogalamuyo kwa alimi. Iye anatsala, popeza analibe choti akaonetse. Anakhala pa tebulo lake mu ofesi yopanda munthu, n'kutsegula nthambi ija. Anaiwerenga yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako analamula kuti ifufutidwe.

Kompyuta inamuchenjeza kuti nthambi imeneyi sinalumikizidwepo ndi thunthu, ndipo ikafufutika palibe kwina kumene ingapezeke. Inafuna kudziwa ngati watsimikizadi. Iye anayang'ana uku ndi uku, ngati pangakhale wina woti amufunse. Panalibe. Anavomera, ndipo ntchito ya miyezi yonse ija inazimiririka popanda phokoso.

Tsono inu amene mwakhala apa ndi malaputopu anu, mukuti mwabwera kudzaphunzira zida za ntchitoyi. Zidazo muziphunzira, koma zidzasintha musanazizolowere n'komwe, ndipo amene adzakuuzeni kuti zasintha ndi mnzanu wakhala pambali panuyo. Ena mwa inu ndakuonani, ndikamayandikira mumapendeketsa galasi. Musadikire kuti ntchito ipse. Lero lomwe, musanatuluke pakhomo apo, muonetseni mnzanuyo mizere imene mukuchita nayo manyazi, ndipo akaseka mumusiye aseke.