Mtsuko Umene Sunagwepo

Panali munthu wina, mayi woumba mbiya, amene mudzi wonse unkati mbiya zake sizisweka. Iye ankakonda mawu amenewo kuposa mbiyazo.

Kusweka zinkasweka ndithu. Koma mbiya ikang'aluka pamoto, mayiyu ankakulunga mapale ake m'chitenje nakawaponya padziwe lakuya. Madzi ankatseka pakamwa, iyenso n'kutseka pake.

Pakhonde pake panali mtsuko waukulu, wofiira ngati mwezi wongotuluka. Unali woyamba kumutchukitsa. Sankatungira madzi. Unkangokhala pamenepo kuti odutsa aziuona.

Chaka china mtsinje unasefukira n'kukwirira mtapo, pamene amayi ankakumba dothi loumbira. Dothi limene mayiyu anapeza kwina linali losalala, lomata, lopanda mchenga. M'manja linkamvera bwino, koma likaona moto linkang'ambika.

Chaka chomwecho mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, ankatengedwa kupita kwawo kwa mwamuna, kutali kuseri kwa mapiri. Mayiyu anali atamulonjeza mtsuko. Anati, "Ukamamwa madzi kumeneko uzidzamva manja anga."

Anaumba, unang'aluka. Mapale anapita kudziwe. Anaumbanso, unang'alukanso. Dziwe linameza. Masiku a ulendo anayandikira, ndipo nthawi inatsala yokwanira kuumba ndi kuumitsa mtsuko umodzi wokha.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mlamu wake, woumba mbiya nayenso, amene anthu ankamuseka chifukwa kuseri kwa nyumba yake sikunkasowa mulu wa mapale. Koma chaka chimenecho mbiya zake zinkatuluka pamoto zamphumphu. Mayi uja anadzichepetsa napita kwa mlamuyo.

"Mlamu, dothi ili mukulipatsa chiyani?"

"Ndikulidyetsa azikulu ake," anatero mlamuyo. "Ndimapera mapale n'kusakaniza. Dothi lanthete limaopa moto, koma phale linauona kale. Likakhala m'katimo limagwira linzake."

"Ndiye mundigawireko."

"Anga ndapera onse, mwaonanso nokha kuseriko kwayera. Perani anu." Kenako anaseka pang'ono. "Iii, pepani, ndaiwala. Kwanu kuja sikusweka kanthu."

Mayiyu anapita kudziwe. Anasuzumira. Anangoona nkhope yake ndi mitambo ikuyenda. Zonse zimene zikanamuthandiza zinali pansi, pamene dzanja silifika.

Atabwerera anaima pakhonde. Linali dzuwa la masana, amayi akuchokera kumadzi, ana akusewera pabwalo. Anayang'ana mtsuko wofiira uja nthawi yaitali. Anaunyamula, naukweza mpaka pamutu monga amachitira wopita kumadzi.

Ndipo anachotsa manja.

Phokoso lake linamveka mpaka kudambo. Ana anasiya masewera. Mayi wina anafuula kuti, "Kalanga ine! Wagwa!"

"Wagwa," anavomera mwini mtsukoyo, osakweza maso.

Anagwada, natola mapale limodzilimodzi anthu akuona. Anawapera pamphero mpaka anasanduka ufa wofiira, nauthira m'dothi latsopano, naumba. Mtsukowo utauma anauunjikira makungwa n'kuyatsa. Moto unakwera, moto unatsika. Ataugogoda ndi chala unalira ngati belu.

Mwana uja anausenza pa ulendo wake. Sunali wokongola ngati woyamba. Unali ndi timadontho tofiira thupi lonse, koma madzi ankazizira bwino m'menemo. Pakhonde paja panangotsala chizindikiro chozungulira pafumbi, ndipo palibe ananenanso kuti mbiya za mayiyo sizisweka.

Tsono iwe mnzanga amene wagwa, kaya ndi pamayeso, kaya ndi pa chinthu chimene sunauzepo munthu, ndikudziwa kuti dziwe lili pafupi ndipo silinena za eni. Usathamangireko. Sunga mapale ako pamene ungawafikire, ngakhale odutsa awaone. Kutsogoloku kuli moto wina, ndipo dothi lako lanthete lidzafuna chimene chinapsapo kale.