Uthenga Umene Unadikira Mpira

Panali munthu wina amene anapatsidwa sukulu ya anyamata yogonera konko kuti aziiyang'anira monga ahedi. Sukuluyo inali kumapiri, kutali ndi boma, ndipo anaipeza ili yonyozeka. Mazenera a kuhositelo anali osweka, pabwalo la mpira patamera tsekera. Anyamata akapita kutchuthi ankachita manyazi kutchula kumene amaphunzira.

Munthuyu sanali woipa mtima. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti musafulumire kumuweruza. Ankadya nawo anyamata nyemba zofumbwa zomwezo. Ankawadziwa onse mayina, ndipo wina akagwidwa malungo ankamuperekeza yekha kuchipatala. Chimene mtima wake unkalakalaka chinali chimodzi: dzina la sukulu limveke, ana ake, monga ankawatchulira, aleke kuyenda chowerama pamaso pa anzawo.

Chaka china zinthu zinayamba kuyenda. Teremu yoyamba anyamata othamanga anabwerako kuboma ndi mendulo m'khosi. Teremu yachiwiri a mpikisano wa mafunso anagonjetsa sukulu ina yotchuka imene inali isanagonjepo, mayina awo mpaka kumveka pa wailesi. Lolemba lililonse belu likalira, ahedi ankaima pakhonde la ofesi n'kulengeza nkhani za sabatayo, anyamata n'kumaomba m'manja mpaka akhwangwala kuthawa m'mitengo ya bulugamu. Makolo amene kale ankachotsako ana awo anayamba kubwera kudzapempha malo.

Chimene chinatsala ndi chikho cha mpira cha chigawo chonse.

Pagolo pa timu ya sukuluyo pankaima mnyamata wa Fomu 4, dzina lake Yotamu. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, mwana woyamba wa mlimi wina wa thonje wa kuchigwa. Timu inafika m'ndime yomaliza chifukwa cha manja ake, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi. Wina woti n'kuima pamalo pake panalibe.

Sabata ya masewero omalizawo kunafika mlendo pa njinga ya kabaza, fumbi lili thupi lonse. Anali a Sandikonda, malume ake a Yotamu. Popeza anyamata anali m'kalasi, anawalowetsa mu ofesi ya ahedi.

"Alamu anga adwalika," anatero malumewo. "Kuchipatala atibweza. Akuti mwana abwere adzamuone."

"Pepani kwambiri, bambo. Kodi akulankhula?"

"Akulankhula, koma mawu akunka nachepa."

Ahedi anaganiza za anyamata amene chaka chonse ankadzuka mbandakucha kukathamanga m'mame. Anaganiza za ana a Fomu 1 amene anali atapeka kale nyimbo zokaimba kubwalo. Kenako anati, "Mwanayu ali ndi mpira waukulu Loweruka likubwerali, ndipo sukulu yonse yatsamira pa iye. Mukamuuza lero, mtima uchoka. Ndisiyireni ine. Mpira ukangotha ndibwera naye ndekha pa galimoto ya sukulu mpaka pakhomo panu."

A Sandikonda anali munthu wolemekeza anthu ophunzira. Anapotokola chipewa m'manja, nati, "Kuno eni ana ndinu, ahedi. Koma musachedwe naye." Anakwera kabaza uja n'kubwerera, mwana wa mlongo wawo osamuona.

Loweruka m'mawa, timu ili kale pabwalo la kuboma, foni ya ahedi inalira. Anali malume aja.

"Alamu atisiya dzulo madzulo. Kuno kwatentha, thupi silingadikire. Tiika masana ano. Mukanyamuka tsopano mutipeza tisanapite kumanda."

"Ndamva, bambo. Ndamva."

Galimoto inali pomwepo, dalaivala ali mkati. Yotamu anali chapafupi, atakhala pakapinga akumanga zingwe za nsapato. Ahedi anapita pamene iye anali. Mnyamatayo anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo. Ahedi anamuyang'ana, nayang'ananso khamu la ana awo amene ankaimba ndi kuvina kuseri kwa mpanda. Anamugwira paphewa, nati, "Usaope, mwana wanga. Lero ndi tsiku lako."

Atatero anathimitsa foni n'kuiika m'thumba. Mumtima ankati: wakufa wafa kale. Mwana akalira m'mawa kapena madzulo, misozi ndi yomweyo.

Tsiku limenelo Yotamu anasewera kuposa masiku onse. Mpira unatha popanda wogoletsa, nalowa m'mapenate, ndipo iye ndi amene anagwira penate yomaliza. Anzake anamunyamula paphewa n'kuzungulira naye bwalo, chikho chili m'manja mwake. Anthu anamuona akuseka mano onse panja, chinthu chimene ambiri anali asanachionepo.

Asanavule n'komwe juzi yake, ahedi anamuitana. "Lowa kutsogolo kuno, tipite kwanu. Bambo ako sali bwino." Ngakhale apo, mawu enieniwo anawakanika kutuluka.

Anayamba kutsika mapiri. Mnyamatayo anafunsa kamodzi kokha ngati matendawo ndi aakulu, ahedi n'kuyankha kuti akaona konko. Anafika kuchigwa dzuwa litapendeka. Pafupi ndi mudzi anapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu, monga amachitira pakagwa maliro, ndipo dalaivala anachepetsa liwiro. Patsogolo pang'ono anakumana ndi anthu akuchokera kumanda, okumba ali ndi makasu paphewa, amayi akubwera pambuyo nyimbo itatha.

Yotamu anatsika galimoto isanaime bwino. Mayi ake atamuona anakhala pansi pamsewu pomwepo, nayambanso kulira maliro amene anali atatonthola. Malume ake anamugwira dzanja n'kupita naye kumanda. Chimene anakamuonetsa ndi mulu wa dothi lofiira ndi nkhata za maluwa.

Atabwerako, a Sandikonda anapatsa ahedi mpando. Sanawakalipire. Anangoti, "Mpaka mawu kutha, alamu ankafunsa ngati mwana wafika pamsewu. Njinga ikamveka kunja ankati tiwadzutse akhale tsonga, kuti asawapeze ali chigonere."

Yotamu anali ataima pomwepo. Anatembenukira kwa ahedi.

"Ahedi, munamva liti?"

"Za matenda ndinamva pakati pa sabata. Za imfa ndamva m'mawa uno."

"Pamene munandigwira paphewa paja, munali mukudziwa?"

"Ndinali ndikudziwa, mwana wanga."

Mnyamatayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamvetsa funso la m'kalasi. Kenako analowa m'nyumba kumene kunali mayi ake.

Atameta maliro, Yotamu anabwerera kusukulu, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo malume ake anamuchonderera kuti akalembe. Ankalowa m'kalasi, ankasesa pamalo pake, ahedi akamadutsa ankapereka moni monga mwa mwambo. Koma kubwalo sanapondeko. Anzake akamasewera madzulo iye ankakhala kuseri kwa hositelo, nsana atalozetsa kubwaloko. Pang'onopang'ono nkhani inamveka sukulu yonse, ndipo nyimbo za chikho zija zinazilala zokha popanda woziletsa.

Kumapeto kwa chaka kunali tsiku la mphotho. Anamanga zithando, anaitana makolo ndi akuluakulu a kuboma, kwaya inaimba. Anaitana othamanga, nalandira. Anaitana a mpikisano wa mafunso, nalandira. Pomaliza ahedi anatenga mphotho ya katswiri wa masewero wa chaka chonse, nsapato za mpira zatsopano zili m'bokosi lake, natchula dzina la Yotamu.

Alendo anaomba m'manja. Yotamu anali pabenchi pakati pa anzake a Fomu 4, ndipo sanadzuke.

Ahedi anatchulanso dzinalo, poganiza kuti mwina sanamve. Mnyamatayo anangoyang'ana zikhatho zake. Anzake a pabenchipo nawo anali atapinda manja. Alendo anayamba kuleka kuomba m'manja mmodzimmodzi, akuyang'anana, osadziwa chachitika. Ahedi anaima pamenepo dzuwa likuwaomba, atatambasula bokosi lija ndi manja awiri, wolilandira palibe. Kenako analiika patebulo, napempha abusa kuti atseke mwambo ndi pemphero.

Yotamu analemba mayeso, nanyamula chikwama chake, n'kupita kukalima munda wa bambo ake. Kusukuluko sanabwererenso. Ahedi anakhalabe paudindo zaka zingapo, ndipo sukulu inapambananso zikho zina. Koma amene ankawadziwa amanena kuti kuyambira chaka chimenecho, timu ikamasewera iwo ankatsala mu ofesi.

Tsopano ndilankhule ndi inu, aphunzitsi, makolo, akulu a mpingo, nonse amene mwasungitsidwa ana a eni. Munthu uja sanabe kanthu, sanamenye mwana, ndipo zimene ankafunira sukulu yake zinali zabwino. Anangoganiza kuti chisoni cha mwana chingathe kudikira ntchito yake ithe. Sanamufunse n'komwe mwini bambo. Mwina Yotamu akanauzidwa akanasankha yekha kusewera. Mwina akanathamangira kwawo. Kusankhako kunali kwake, ndipo anamulanda.

Inunso muli ndi zikho zanu zimene mukuzithamangira, ndipo si zoipa. Koma tsiku limene uthenga wa munthu wina udzafikira m'manja mwanu, musadzauyeze ndi zofuna zanu. Kauperekeni kwa mwini wake nthawi yomweyo, ngakhale zanu zitaonongeka. Mpira umaseweredwa chaka ndi chaka. Bambo saikidwa m'manda kawiri.