Uta Wowala, Sipuling'i Yong'aluka

Pakhonde la sitolo ya nsalu panali tebulo la mayi wina wokonza mawotchi, amene manja ake ankadziwanso maloko, makina osokera ndi chilichonse chokhala ndi sipuling'i m'mimba. Lachinayi lina m'mawa panafika kalaliki amene anzake ankamutcha Polishi, chifukwa nsapato zake zinkawala kuposa ntchito yake. Ananyamula makina a mbedza, aja amakulunga chingwe munthu akamapukusa chogwirira.

Makinawo sanali ake. Apongozi ake aamuna, munthu wosabwereketsa ngakhale singano, anamubwereka patatha zaka zisanu za ukwati, ndipo banja lonse linadziwa kuti pamenepo mkamwini walandiridwa. Tsono Polishi anawagwetsera pamwala, uta wake n'kupindika. Utawo ndi kawaya kamene msodzi amakankhira kumbuyo poponya, kenaka kamabwerera kokha kudzagwira chingwe.

Mayiyo anamasula tisikuluwu tiwiri, natiika m'chitsekero cha botolo, nasuzumira m'kati ndi galasi lake.

"Bambo, uta ndili nawo, ndiika lero lomwe. Koma kugwa kuja kwang'alula sipuling'i imene imabweza utawo. Kagudumu koyendapo chingwe nakonso kadyeka, kali ndi mzere wakuthwa ngati lezala. Ziwirizi ndiitanitse, zifika sabata yamawa."

"Sabata yamawa? Madala akuwafuna Loweruka. Kodi sipuling'iyo imaoneka kunja?"

"Siioneka. Nanga mtima wanuwo umaoneka kunja?"

"Mayi, ine ndabwera kwa mmisiri, osati kwa abusa. Ikani uta, mupukute, ziwale."

"Ndiika. Koma akuluwo mukawauze zimene ndanenazi."

Polishi anangogwedeza mutu. Atafika kwa apongozi, mkuluyo anatembenuza makinawo uku ndi uku, nkhope ikumasuka.

"Mwasamala, mkamwini. Mpaka uta watsopano? Loweruka tipitire limodzi kudamu."

Mawu a mayi uja anakwera mpaka pakhosi. Koma chiyamikiro n'chotsekemera, ndipo Polishi anawamezera limodzi ndi malovu.

Mudamumo munali mlamba waukulu wokhala pansi pa mtengo wakugwa, umene mkuluyo anausaka zaka zitatu, mpaka anayamba kuutcha "mlamu wanga". Loweruka lija dzuwa litakwera pang'ono, mkuluyo anaponya mbedza pafupi ndi mtengowo, ndipo nyambo isanakhazikike n'komwe, madzi anatukuka. Anapukusa chogwirira kuti uta ubwerere. Munangomveka kaphokoso ngati kuthyoka kwa machesi, uta n'kutsala lende, chingwe chikuthawa. Mkuluyo sanatekeseke. Anabweza utawo ndi dzanja, nayamba kukoka modekha. Mutu wa mlamba unaonekera, waukulu ngati khasu. Pamenepo chingwe chinakungika, chinalowa mu mzere wa kagudumu kaja, n'kuduka. Madzi anabwerera mwakale.

Polishi anafuna nthaka itamumeza. Apongozi sanakalipe. Anakhala pansi, natulutsa kampeni, namasula tisikuluwu tija, ndipo zidutswa ziwiri za sipuling'i zinagwera m'chikhatho chawo. Kenaka anayendetsa chikhadabo pa kagudumu.

"Amene anaika uta uwu ndi mmisiri weniweni. Wotere sakanalephera kuona izi. Anakuuzani?"

"Anandiuza, bambo."

"Kugwetsa si mlandu, nanenso ndinagwetsapo. Mukananena, ndikanadikira sabata imodzi. Mlamu wanga uja wandidikira zaka zitatu." Anathira zidutswazo m'thumba la malaya a mkamwini. "Sungani. Pa makina onsewa, zanu ndi zimenezi."

Lolemba mkuluyo anapita yekha kwa mayi wa mawotchi, nadikira sabata yonse osadandaula. Makinawo anachira, koma sanatulukenso m'manja mwa mwini wake. Mpaka lero akamapita kudamu amamutenga mkamwiniyo, pakuti ndi mwamuna wa mwana wawo, koma chimene amamupatsa ndi bango lomangirira chingwe kunsonga.

Munthu amene amakonza pooneka n'kusiya pobisika sanakonze kanthu, wangodzisankhira tsiku loti manyazi ake adzaonekere pagulu. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.