Nkhope ya pa chiliza cha mayi Matope

Mukatsika minibasi ku Limbe n'kulowa kanjira ka kuseri kwa masitolo a nsalu, mupeza kachipinda komwe amasindikiziramo zithunzi, makhadi aukwati ndi mapulogalamu a maliro. M'menemo ndi momwe a Pearson Likongwe ankagwira ntchito yokonza zithunzi pa kompyuta. Luso analidi nalo, tisawalande. Chithunzi chodyedwa ndi mphemvu ankachidzutsa, mwini wake n'kumayang'ana kukamwa kuli yasa. Vuto lawo linali limodzi: mawu akuti "sindikudziwa" ankawawawa pakamwa kuposa tsabola wa kambuzi.

Lachiwiri lina kunabwera mayi wina wa ku Nkolokosa, dzina lake Tionge Matope, atanyamula envulopu yakhaki. Amayi ake, a Ethel, anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo Loweruka la sabata lomwelo abale ankakavundukula chiliza. Tionge ankafuna nkhope ya amayi akeyo iikidwe pa kambale koyera kosasuluka ndi dzuwa, kamene amisiri amamata pamwala wa manda. Tsoka lake, malemuwo sankakonda kujambulitsa. Chithunzi chabwino chinali chimodzi chokha: amayi a Mvano asanu ndi mmodzi ataima pamzere kunja kwa tchalitchi, onse m'maduku oyera, mabulawuzi oyera ndi masiketi akuda.

"Amayi anga ndi awa, achitatuwa," anatero Tionge ataloza ndi chala. "Mundichotsere enawa, atsale okha. Chonde bambo, ndi chokhachi chomwe ndingawachitire tsopano."

"Musadandaule achemwali, mwafika kwa eni ntchito," anayankha a Pearson.

Anachilowetsa chithunzicho m'kompyuta, Tionge akuona. Ntchito yotereyi sadula chithunzi ayi. Amachiphimba ndi chimene okonza zithunzi amati masiki. Tiyerekeze pepala lakuda loboola pakati: mwaliika pamwamba pa chithunzi, pabowo paja n'kumaoneka nkhope imodzi, enawo ali pansi pomwepo koma obisika. Pakati pa chithunzi ndi masikiyo pamakhala kachizindikiro ka unyolo. Kakakhala kotseka, ziwirizi zimakula limodzi, zimasuntha limodzi. Mukakamasula, chilichonse chimayenda chokha. A Pearson anakamasula kuti aike nkhopeyo pakati penipeni pa bowo. Tionge anagwedeza mutu, misozi ili lengelenge, n'kutenga envulopu yake kumapita. Kaunyolo kaja kanatsala komasula.

Lachinayi m'mawa anafika a January, mmisiri womanga chilizacho, kudzanena kuti malo amene anasiya pamwala ndi aakulu, choncho kambale kakhale kokulirapo. Tsikulo m'kachipindamo munali yakaliyakali, wina akufuna makhadi, wina chikwangwani cha saluni. A Pearson anatsegula ntchito ya Tionge, n'kukoka ngodya ya chithunzi kuti chikule, maso ali kwa kasitomala amene ankawalankhula. Zala zozolowera zinasunga ntchitoyo n'kuitseka osaiyang'ana n'komwe. Pomadzaitsegula atachokera kokadya, anapeza zinthu zitasokonekera. Chithunzi chinali chitakula chokha pansi, bowo lili pomwe linali. M'bowomo munkaoneka theka la nkhope ya mayi mmodzi ndi theka la nkhope ya wina, maduku awiri atagundana. Kubwerera m'mbuyo sikukanathekanso, popeza ntchito inali itatsekedwa kale.

Kukonza kwake sikunali kovuta: kusuntha chithunzi pang'ono kuti nkhope yoyenera ibwerere pabowo, basi. Koma yoyenerayo iti? A Pearson ankakumbukira kuti Tionge anati achitatu. Achitatu kuchokera kumanzere, kapena kumanja? Pamzere wa anthu asanu ndi mmodzi, awiri amenewa amaima moyandikana. Onse anali amayi achikulire, onse ovala magalasi, ndipo pasabata a Pearson ankaona nkhope mazanamazana.

A Lines, amene ankayendetsa makina osindikizira patebulo lina, anaona mnzawo akukanda m'mutu.

"Kodi a Pearson, mwasokoneza? Aimbireni foni eni akewo. Kapena ajambuleni pa kompyutapo muwatumizire pa watsapu, akuuzani pompano."

"Ndiwafunse kuti amayi awo ndi ati? Ine? Atiyesa ophunzira kumene ntchito. Ndikukumbuka bwinobwino, ndi awa akumanjawa."

"Mukukumbuka kapena mukuganizira? Izitu n'zakumanda, si khadi la kitchini pate."

"Inu a Lines, zaka khumi ndi ziwiri ndili pampando uno. Sindikizani."

Nambala ya Tionge inali pakapepala kolendewera pa khoma, pafupi ndi chigongono chawo. Sanaiyang'ane. Anasuntha chithunzi, nkhope ya kumanja inadzaza bowo, n'kutseka kaunyolo kaja, tsopano pamene kunalibenso ntchito. Kambale kanatuluka kokongola kwabasi. Lachisanu a January anadzakatenga, ndipo poti malemuwo sanawaonepo ali moyo, anangokayamikira, n'kukakamata ndi simenti, n'kuphimba mwala wonse ndi nsalu yoyera monga mwa mwambo wake.

Loweruka kumanda kunadzaza anthu. Achibale anachokera ku Thyolo, amayi a Mvano anabwera m'yunifolomu. Itakwana nthawi yovundukula, banja linapereka ulemuwo kwa mayi Nangoma, mnzawo wa malemu mu Mvano kwa zaka makumi anayi, amene ankawasambitsa ndi kuwamwetsa phala pa matenda awo omaliza. Gogoyo anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yake, nyimbo ikuimbidwa, n'kukoka nsalu ija.

Anakumana ndi nkhope yawo yomwe. Pansi pake panalembedwa tsiku lomwalira, ndi mawu akuti usani mumtendere.

Nyimbo inafera m'kamwa. Mayi Nangoma sanakuwe, anangokhala pansi pa dothi lofiira lija, ndodo kugwera uko. Mwana wawo wamwamuna anafuula kuti a kwa Matope akuwalosera imfa amayi ake, ena n'kumanong'ona kuti zoterezi sizichitika zokha. Anthu anabalalika chakudya chisanagawidwe.

Lolemba m'mawa Tionge analowa m'kachipinda ka ku Limbe, n'kuika patebulo zidutswa za kambale zokulunga m'mpango. Sanatukwane. Bola akanatukwana, a Pearson akanapeza poyankhira.

"Bambo, ndinakulozerani ndi chala changa. Mwina munaiwala, munthu amaiwala. Koma foni yanga munali nayo. Chinakuletsani kuimba n'chiyani?"

A Pearson anayamba kufotokoza za masiki ndi kaunyolo komasuka, koma mawu ake ankamveka opepuka ngakhale m'makutu mwawo momwe. Anati apanga kambale kena tsiku lomwelo.

"Kambale mupanga, inde. Nanga tsiku lija mulipanganso? Amayi anga tinawaitanira anthu kuti tiwalemekeze, m'malo mwake dzina lawo lasanduka nkhani ya m'minibasi. Mayi Nangoma ndiwo anali amayi anga otsala. Dzulo ndapita kukawaona, ana awo andibweza pageti ngati mfiti."

A Lines anangoweramira makina awo.

Lachitatu a Pearson anadzikakamiza kupita ku Naperi, kwa mayi Nangoma, kukapepesa okha. Anawapeza atagona pamphasa pakhonde, atafunda chitenje dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira Loweruka lija ankadya movutikira. A Pearson anagwada n'kuulula zonse, kuti a kwa Matope alibe mlandu, wolakwa ndi iwo. Gogoyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndamva, mwana wanga, ndipo Tionge ndimuitanitsa, ana angawa angopsa mtima. Iwenso sindikusunga nawe chakukhosi. Koma undiuze, chimene ndinaonacho ndichichotsa bwanji m'maso? Ndikangotsinzina ndikumadziona ndili pamwala paja. Ndimafuna ndikamuone Ethel mnzanga komaliza, ndimutsanzike bwino. Tsopano kumanda kuja miyendo ikukana, sindidzapitakonso mpaka tsiku lodzandinyamula."

A Pearson anatsika mtunda wa Naperi wapansi, minibasi zikuwaimbira mahutala osazimva. Kambale kachiwiri anakapanga, nkhope yake yoyenera, Tionge ataitsimikiza kawiri. A January anakakamata Lachisanu masana, pamanda palibe nyimbo, palibe mlaliki, palibe mnzawo wa malemu, pali Tionge yekha ndi ndowa ya simenti.

Mpaka lero a Pearson akadali pampando womwe uja, ndipo manja awo sanathe luso. Koma nkhani ija ikabuka amangoyang'ana pansi n'kunena kuti chinawalakwitsa si kompyuta, kaunyolo kamamasukira wina aliyense. Chinawalakwitsa ndi manyazi ofunsa funso limodzi la mphindi imodzi, nambala ili pakhoma pomwepo. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.